Distress Oxide pa maziko a makhadi: pomwe imagwira bwino ndi pomwe imakhumudwitsa

Pa khadi lopanga pamanja, diso limayamba kugwera pa mtundu woyalidwa pansi, mawu a mafuno abwino amawerengedwa pambuyo. Pa ntchito yoyala maziko imeneyi, inki yomwe yatchuka kwambiri ndi Distress Oxide ya kampani ya Ranger ya ku New Jersey, ku America. Inatuluka mu 2017 pansi pa dzina la katswiri wa zaluso zamanja Tim Holtz, ndipo ndi mng'ono wake wa Distress Ink, inki yakale ya kampani yomweyi. Ife tikuiona kuti ndi yoyenera ndalama zake, makamaka kwa amene dzanja lake silinazolowere, koma ili ndi zofooka ziwiri zomwe wogula ayenera kuzidziwiratu.

Distress Ink yakale ndi ya dye yekha, utoto wosungunuka m'madzi womwe umalowa m'pepala msanga. Oxide ndi msanganizo wa dye ndi pigment, tizidutswa ta utoto tosaoneka ndi maso tomwe timatsala pamwamba pa pepala. N'chifukwa chake imachedwerapo kuuma, imaphimba zomwe zili pansi pake, ndipo ikakhudzidwa ndi madzi imasanduka yotuwa ngati choko. Pa pepala la bulauni la kraft kapena lakuda, inki yakale ija imangomira osaoneka, pomwe Oxide imaonekera bwinobwino. Imabwera m'kabokosi kokhala ndi kansalu konyowa ndi inki, ka mainchesi 3 mbali zonse, pafupifupi 7.6 cm, ndipo mitundu yake inapitirira 60.

Pepala ndilo limawononga ntchito ya anthu ambiri, iwo n'kumadzudzula inki. Pepala la fotokope la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala) limamwa inki pomwe siponji yafikira, ndipo banga limenelo silifufutika. Pofuna kusakaniza mitundu ndi siponji, tengani pepala losalala lotchedwa Bristol la 250 gsm kapena kuposerapo. Pa njira zonyowetsa kwambiri pamafunika pepala la watercolour, lojambulapo ndi penti wa madzi, la 300 gsm. A4 mukaidula pakati mumapeza ma A5 awiri, ndipo A5 yopinda imapereka khadi la A6 la 105 x 148 mm. Maziko musapangire pa khadi lenilenilo. Dulani kapepala kena ka 99 x 142 mm, kuti mukamata patsale mpata woyera wa 3 mm kuzungulira, komanso kuti kakalakwika mutaye kapepala kokha.

Posakaniza mitundu ndi pomwe Oxide imaonetsa mphamvu zake. Tengani mitundu itatu yoyandikana, mwachitsanzo Mustard Seed wachikasu, Spiced Marmalade wa olenji ndi Picked Raspberry wa pinki wakupsa. Ikani kapepala pa galasi. Gunditsani siponji pa inki kawiri kapena katatu, ndipo muyambe kuzunguza pa galasipo, kunja kwa pepala, n'kumalowera m'kati pang'onopang'ono siponji ikuzungulirabe. Siponji ikatera mwachindunji pakati pa pepala imasiya chizindikiro chozungulira. Ndi inki yakale chizindikirocho chimakhala mpaka mapeto, koma Oxide imalola kuti muchifafanize popitiriza kuzunguza, poti pigment ikadali pamwamba ndipo ikusunthika. Yambani ndi mtundu wowala, mtundu uliwonse ulowerere mnzake ndi 2 cm, kenako mubwerere ndi wowala uja pa malire kuti mzere uzimiririke. Ulendo woyamba pamaoneka mawangamawanga, ndipo ambiri amataya mtima pamenepa. Bwerezani kachiwiri ndi kachitatu, mopepuka, osakanikiza. Dzanja logwira pepala likhale pa kapepala kena, chifukwa chala chimasiya chidindo chake pa inki yosauma.

Mtundu uliwonse ukhale ndi siponji yakeyake, ndipo siponji ya Oxide isapite pa kabokosi ka Distress Ink, chifukwa imasiyapo pigment n'kuchititsa khungu mtundu womwe umayenera kuwala.

Madontho a madzi ndi njira yachidule yokometsera maziko otere. Viikani zala m'madzi, wazani pa pepala, dikirani masekondi 20 mpaka 30, kenako psinjani ndi tishu yokhuthala osapukuta cham'mbali. Pamatsala timadontho totuwa tokhala ndi mkombero. Mukafulumira kupsinja sipaoneka kanthu, mukachedwetsa madzi amafalikira n'kupinda pepala.

Njira ina ndi yoviika. Pakani kabokosi pa galasi, mitundu iwiri kapena itatu moyandikana koma osagundana, poperani madzi katatu kapena kanayi botolo lili patali ndi 20 cm, mpaka inki ipange timikanda. Gwetsani pepala la watercolour chafufumimba, nyamulani, umitsani, kenako mugunditsenso pa timikanda totsala. Chinsinsi chonse chili pa kuumitsa pakati pa maulendowa. Pepala likauma, Oxide yatsopano imakhala pamwamba pa yakale ndipo mitundu yonse imaoneka payokhapayokha, ngakhale wowala pamwamba pa wakuda, zomwe inki ya dye yekha singachite. Mukaviikanso lili lonyowa, buluu ndi olenji, kapena chikasu ndi pepo, zimasakanikirana n'kutulutsa mtundu wa matope. Pepala lopindika ligoneni pansi pa mabuku olemera usiku wonse.

Kunena za zidindo, Distress Ink yakale imavuta pa zidindo za pulasitiki zoonekera m'kati, chifukwa imadzikundika timadontho pamwamba pake ndipo chithunzi chimatuluka chothothoka. Oxide imagwira bwino pa zidindo zimenezi komanso pa za labala wofiira. Chidindo chachikulu chodzaza khadi lonse musachikanikize kuchokera pamwamba, poti pakati pake sipafika mphamvu. Chigonekeni chagada, pakani inki pogunditsa kabokosi pang'onopang'ono, ikani kapepala kanu pamwamba, phimbani ndi pepala lotha ntchito, n'kusisita ndi zala ngodya zonse dzanja lina litagwira kuti pasasunthe. Ndi chidindo chaching'ono cha tsamba kapena duwa, dindani katatu musanapakenso inki: koyamba kamatuluka kakuda, kachiwiri kofookerapo, kachitatu kongooneka patali, ndipo maziko amaoneka akuya ndi mtundu umodzi wokha. Yambirani pakati, zithunzi zina zidukire m'mphepete mwa pepala. Zonse zikakwanira m'kati, maziko amaoneka opanda moyo. Muthanso kupopera madzi kamodzi pa chidindo chopanda inki n'kuchidinda pa maziko osakaniza kale. Madzi amazula mtundu ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa. Madzi akachuluka mizere imasungunuka.

Amene ali ndi ufa wa embossing, womwe ukatenthedwa umasungunuka n'kusiya mizere yotukuka yowala, asamale ndi dongosolo. Dindani ndi VersaMark, inki yomata yopanda mtundu ya kampani ya Tsukineko ya ku Japan, pa pepala loyera, thirani ufa woyera kapena woonekera m'kati, sungunulani ndi heat gun, kachipangizo kotulutsa mpweya wotentha kwambiri, kenako ndiye mupake Oxide pamwamba n'kupukuta ndi nsalu youma kuti mizere iwale. Chowumitsira tsitsi sichingathandize apa, chimangouluza ufa ndipo sichitentha mokwanira. Mukafuna embossing pamwamba pa maziko opaka kale, dziwani kuti Oxide imaoneka youma isanaume. Yesani kaye pothira ufa musanadinde: ukakakamira, pepala silinakonzeke.

Chofooka choyamba ndi mawu. Pa zilembo zing'onozing'ono Oxide imatuluka yofewa m'mbali ndipo mtundu wake wakuda, Black Soot, umatuwa ukauma. Mawu a khadi la ukwati kapena la chinkhoswe amafuna kuwerengeka bwino, ndiye apa tengani Archival Ink ya Jet Black ya Ranger yomweyo kapena VersaFine ya Onyx Black. Zonsezi zikauma siziopa madzi. Muzidinda maziko atauma kotheratu, kapena pa kapepala koyera kodula padera.

Chachiwiri ndi chachikulu, ndipo chimatidetsa nkhawa chifukwa chimagwera wolandira khadi. Oxide sisiya kusungunuka ndi madzi ngakhale patapita miyezi. Chala cha thukuta, dontho la mvula lolowa mu envulopu, guluu wamadzi wotulukira m'mbali, zonsezi zimasiya banga. Matani ndi tepi yomata mbali zonse m'malo mwa guluu. Ranger imagulitsanso Distress Micro Glaze, phula lofewa lomwe mumapaka pang'ono kwambiri ndi chala n'kupukuta ndi nsalu, ndipo madzi amangotsetsereka pamwamba pake. Limadetsako mtundu ndi kuchepetsa kutuwa kuja, komanso inki sigwiranso pomwe lapakidwa, choncho likhale lomaliza. Wogulitsa makhadi m'nyengo ya dzinja aike khadi lililonse m'kapulasitiki.

Kabokosi ka inki kasungidwe chogona, pamthunzi. Kakayamba kufooka musagule kena. Pali timabotolo towonjezera ta 14 ml, ndipo ta Oxide tiyenera kukhutchumulidwa kaye chifukwa pigment imakhazikika pansi. Mukaiwala kukhutchumula mumathira dye yekha, inki n'kutaya kutuwa kwake. Donthezani mizere iwiri kapena itatu pamwamba, falitsani ndi khadi lakale la pulasitiki, n'kusiya kuti ilowerere musanagwiritse ntchito.

Woyamba asathamangire kugula mitundu khumi. Itatu yoyandikana, yachikasu, olenji ndi pinki ija kapena Cracked Pistachio, Broken China ndi Faded Jeans kwa wokonda zobiriwira ndi buluu, pamodzi ndi Archival yakuda imodzi, chogwirira siponji chimodzi ndi masiponji osinthira, zikukwana pa njira zonsezi kupatula embossing. Amene amapanga makhadi owala kwambiri pa pepala loyera lokha, ndipo dzanja lake linazolowera kale siponji, Distress Ink yakale imupatsa kuwala komwe Oxide ilibe.