Ndodo zam'khwapa za aluminiyamu: zogulika, koma musazitsamire

Munthu akatuluka m'chipatala ndi chikhakha kumwendo, kaya wagwa pa kabaza mumsewu wa M1 kaya kumunda, abale amathamangira m'mafamase a pa Kasungu boma kukagula ndodo zam'khwapa za aluminiyamu. Ndodozi ndi zopepuka, sizichita dzimbiri, ndipo zili ndi tizibowo tosinthira kutalika kwake komanso pogwirira. Pamenepa zimaposa zamatabwa za kwa kalipentala, zomwe zikatalika zatalika basi.

Chomwe chimatidandaulitsa n'chakuti ambiri amazitenga osaziyeza, ndiye siponji ya pamwamba ija imawanyenga kuti ndi potsamira. M'khwapa mumadutsa mtsempha wa radial, wonyamula uthenga wochokera ku ubongo. Umazungulira kuseri kwa fupa la mkono, n'kumalamulira mnofu wa triceps umene umawongola chigongono, ndi minofu ya kumbuyo kwa mkono imene imadzutsa dzanja ndi zala. Thupi lonse likamalemera pa mtsemphawu tsiku ndi tsiku, pamayamba dzanzi kuseri kwa dzanja, pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Kenako dzanja limangolendewera ngati tsamba la fodya lofota, munthu n'kumalephera ndi kugwira kapu yomwe. Mukasiya kutsamira msanga, mphamvu nthawi zambiri imabwerera pakapita milungu ingapo, koma pitani kwa a mafizo akaone.

Kayezedwe kake nkosavuta. Wodwala aime chilili atavala nsapato, nsonga ya ndodo ikhale masentimita 15 kumbali ndi kutsogolo kwa phazi. Pakati pa khwapa ndi siponji palowe zala ziwiri kapena zitatu, pafupifupi masentimita 5. Akatsitsa mkono, chogwirira chifanane ndi pamene dzanja limapindikira, kuti akagwira chigongono chipindike pang'ono, madigiri 20 mpaka 30. Kulemera kukhale m'manja, siponji ingogunda nthiti.

Chogwiriracho nachonso chili ndi vuto lake. Labala wake amafulumira kuphwa, ndipo chikhatho chikamakanikiza pouma, mtsempha wa ulnar umapanikizika, dzanzi n'kugwira kachala kakang'ono ndi theka la chala choyandikana nako. Kulungani kansalu kochindikala. Koma dzanja likazizira, kutuwa, ndipo kugunda kwa mtsempha wa magazi m'munsi mwa chala chachikulu kosamveka, imeneyo si nkhani yodikira mawa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

Malabala a pansi sakhalitsa m'misewu yathu ya miyala, ndipo akabooka chitsulo chimaterereka pa simenti yonyowa. Gulirani limodzi ena apadera, ndipo manati a ndodozo muziwalimbitsa mlungu uliwonse.

Kwa amene ayendere ndodo miyezi yambiri ndipo manja ali ndi mphamvu, ife timasankha zija zogwira mkono m'munsi mwa chigongono, chifukwa khwapa sizilikhudza n'komwe.