Paipi yaing'ono ndi pampu ya sampulo, patatha miyezi 9

Mu Okutobala chaka chatha tinazula paipi ya 50 mm yomwe inkabweretsa madzi a mumtsinje oti tiziyeza (sampulo) ku labotale yathu ya pamalo oyeretsera madzi, n'kuikapo ya 20 mm, yakuda ija ya pulasitiki wa HDPE, pamodzi ndi pampu ya 0.75 kW. Anzanga ankaseka kuti ndikubwerera m'mbuyo. Dzinja lonse ladutsa, tsopano ndikhoza kulankhula.

Kuchokera potungira madzi kufika pa sinki ya mu labu ndi mamita 200, ndipo pali chitunda cha mamita ngati 8. Paipi yakale ija inkasunga malita pafupifupi 300 m'mimba mwake. Pampu ikamatulutsa malita 15 pa mphindi, madzi amene mwatunga pa sinki amakhala atachoka mumtsinje mphindi 20 zapitazo. M'chilimwe zimenezi sizipweteka. Koma mvula ikagwa kumtunda, mtsinje umafiira uku mukuyang'ana, ndipo ife tinkayeza mlingo wa alamu (mankhwala odikhitsa matope m'madzi) pa madzi akale, matope enieni atalowa kale m'matanki.

Choipa kwambiri sichinali kuchedwako. Mu paipi yaikulu madzi ankayenda mwaulesi, osafika ngakhale masentimita 20 pa sekondi, ndiye dothi linkadikha m'njira. Sampulo inkafika itadzitsuka yokha. Tsiku lomwe tinaidula paipiyo, munatuluka phala lofiirira, lonunkha dambo, lokwana ndowa zingapo. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake manambala athu a NTU (muyeso wa kuvunduka kwa madzi) ankakhala otsika kuposa a munthu wotunga ndi botolo pagombe.

Ya 20 mm m'kati mwake ndi 16 mm basi. Imasunga malita 40, madzi amathamanga mita ndi kachidutswa pa sekondi, ndipo amafika pasanathe mphindi zitatu. Ndinayesa ndi wotchi: mnzanga anavundula matope pafupi ndi sefa, nandiimbira foni, ine n'kudikira pa sinki. Mphindi ziwiri ndi masekondi 45, madzi anasintha mtundu.

Mtengo wake ndi mphamvu. Paipi ikachepa, madzi amakhulana kwambiri ndi khoma lake, ndipo pa mtunda wathuwu kukhulanako kokha kumadya mphamvu yofanana ndi kukweza madzi mamita 25. Kuphatikiza chitunda chija, pampu iyenera kukankha mamita oposa 33 ikutulutsabe malita 15. Ogulitsa amakonda kukuonetsani nambala yaikulu yolembedwa pa katoni, koma imeneyo ndi ya pamene pampu sikutulutsa ngakhale dontho. Funsani tchati chake chosonyeza malita amene imatulutsa pa msinkhu uliwonse. Ndinatsala pang'ono kugula ya 0.37 kW chifukwa chotchipa. Ikanangolira madzi akudontha ngati misozi. Ndinalingaliranso paipi yocheperapo, koma masamu anandiletsa: ikanafuna pampu yaikulu, ndiponso katsamba kamodzi kakanaitseka.

Zovuta zilipo. Sefa ya ku mtsinje imatsekeka ndi masamba ndi mapepala a pulasitiki. Mu Januwale tinkaitsuka m'mawa uliwonse, nthawi zina kawiri. Musaike sefa ya timabowo ting'onoting'ono poganiza kuti mukuteteza pampu, chifukwa idzagwira dothi lomwe mukufuna kuyezalo. Mwezi wachisanu ndi chimodzi chiiikireni pampu, mchenga unadya silo (yotchinga madzi kuti asadonthe), pampu inayamba kudontha pansi, tinasintha. Ndimasunga ina mu kabati tsopano. Magetsi akathima, foot valve (chotsekera cha kumtsinje choletsa madzi kubwerera) ikakhala kuti yaluma kamtengo, madzi onse amabwerera kumtsinje ndipo wina ayenera kutsika kukathira madzi mu pampu, mdima kapena mvula.

Cholakwa changa chenicheni chinali kusiya mamita 30 a paipi pamtunda. Paipi yakuda padzuwa la Novembala imatentha ngati chiwaya, ndipo madzi akaima pang'ono ankafika ofunda. Tinaikwirira. Komanso pampu sitiizimitsanso: madzi amayenda usana ndi usiku n'kumabwerera ku ngalande, ife timangopatutsa pang'ono pa kampopi. Ikaima maola angapo, ndere ndi dothi zimamatirira, ndipo malita oyamba amabwera akuda kuposa mtsinje womwe.

Ndikanati ndiyambirenso, paipi ndi yomweyi, koma pampu ndikanagula ziwiri, ina yodikirira, ndipo ndikanaika majoini omasula pa mamita 50 aliwonse. Mu Malichi itatsekeka tinakumba theka la mzere tisanapeze pomwe panali kachitsononkho ka chimanga.