Tokoleka pachikwama ndi pa malamba a zovala: tomwe ndagula mu Zomba muno ndi mmene tandichitira

Chikwama changa chakuda ndinachigula pa kaunjika mumsika wa Zomba, chachikopa chenicheni, cholimba moti mpaka lero zipi yake sinavutepo olo kamodzi, koma chinafika poyamba kuoneka chotopa, m'makona mosupuka, ndipo zogula china zinali zosatheka, nonse mukudziwa mmene mitengo inathawira kwacha itagwetsedwa ndi 44% mu November 2023. Nde tsiku lina mnzanga wa kuntchito anabwera ndi chikwama chake chakalekale chomwe tonse timachidziwa koma atakolekapo kampira kaubweya kofiira ndi katcheni, anthu mu ofesi kuyamba kumufunsa kuti wagula liti chikwama chatsopano. Ine ndinayambira pomwepo. Ena amati ma charm, ena amangoti key holder, mwana wanga amati tizidole, ine ndizingoti tokoleka, ndipo pano ndagulapo m'malo anayi osiyana ndiye ndikhoza kunena zomwe ndaona ndi maso anga.

Toyamba ndinatigula mu shopu ina ya m'tauni yogulitsa katundu wakunja, mwezi wa December. Titatu, kagulugufe, kamtima ndi kachilembo ka dzina langa, tonse tagolide tonyezimira mpaka kuthobwa m'maso pansi pa magetsi a m'shopumo. Kalikonse kanali K3,500. Chopanira chake ndi kaja kooneka ngati kambedza kokhala ndi kabatani kokankha ndi chikhadabo. Sabata yoyamba ndinasangalala kwambiri, sindinama, chikwama chinaoneka ngati chachokera ku Johannesburg dzulo lake.

Koma mvula ya ku Zomba mumaidziwa. Umangoona mtambo wakuda wakhala pamwamba pa phiri, usanafike ndi pa depoti pomwe yakupeza. Inandipeza kawiri ndili pa kabaza kupita ku Matawale, ndipo pofika pakati pa January golide uja anali atayamba kuchoka, kamtima kanasanduka kofiirira kenako kakuda, ndipo pa lamba wa chikwama pomwe kamakhudza panatsala chizindikiro cha dzimbiri chomwe ndapukuta ndi polishi kangapo koma sichinatheretu. Chomwe chinandipweteka kwambiri ndi kagulugufe. Kasipuling'i ka m'kati mwa chopanira kanafa, kabatani kamangokhala potsegula osabwerera, ine osazindikira, ndikufika kunyumba ndapeza palibe, kanagwera penapake mumsewu. Ndinabwerera ku shopu kuja ndi tiwiri totsalato kukaonetsa, anandilandira bwinobwino koma yankho linali loti katundu akatuluka pakhomo sabwezedwa. Sindinakangane nawo, koma K10,500 kutha mwezi umodzi ndi theka ndi ndalama yowawa.

Amene ananditsegula m'maso ndi alamu anga omwe amawotcherera zitsulo ku Chinamwali. Anatenga kamtima kaja n'kukayandikiza pa maginito ochokera mu sipika yakufa, kanangoti phatu kumamatira. Akuti alamu, ichi ndi chitsulo wamba angochipaka utoto wagolide pamwamba, chikanyowa kawiri katatu dzimbiri lilowa basi. Anandifotokozera kuti zina zimapangidwa ndi zinc, zimenezo sizimamatira pa maginito komanso sizichita dzimbiri lofiira, koma utoto wake umasupukabe ndipo zikapanikizika zimathyoka m'malo mopindika. Zabwino ndi za stainless steel, mtundu wake ndi umodzimodzi kunja ndi m'kati ngati masupuni abwino aja, sizinyezimira mokokomeza, zimaoneka zotuwa pang'ono, ndipo zambiri mwa izo maginito sazikoka kapena amazikoka mofooka. Anandionetsanso chinthu chomwe sindinkachiyang'ana n'komwe, kamkombero kakang'ono komwe kamalumikiza chidolecho ndi chopanira. Kakakhala ka waya mmodzi wongokumanitsa nsonga, kamayasama pang'onopang'ono mpaka chidole kupulumuka. Kabwino ndi kozungulira kawiri ngati ka makiyi kaja kovuta kutsegula ndi chala.

Chichokereni tsiku limenelo ndikamagula ndimayamba ndi chopanira, chidole ndimachiona pambuyo. Ndimatsegula ndi kutseka kakhumi pamaso pa wogulitsa, kakamabwerera mwaulesi ndimakasiya olo kakongole bwanji. Kamaginito ndimayenda nako m'kathumba ka ndalama zachitsulo.

Tachiwiri ndi ta pa malamba a zovala, ndipo apa pali kabwino ndi koipa. Ndinatigula kwa mtsikana wina wa pa Chanco, eya ife timangoti Chanco olo kuti kuyambira 2021 ndi University of Malawi payokha, amakhala ku Chikanda ndipo amatsatsa pa status ya WhatsApp, ukalipira pa Airtel Money kapena Mpamba amakubweretsera m'tauni akatuluka m'kalasi. Mtsikana waulemu, anafika nthawi yomwe tinapangana, anti pepani ndakuyimikani, chonsecho sanachedwe ndi mphindi zisanu zomwe. Ndinali ndi chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ndipo diresi yomwe ndinasoketsa inali yolowa m'mapewa moti malamba a bra amaonekera. Anandipatsa kapulasitiki kakang'ono kooneka ngati mtima komwe umalowetsamo malamba onse awiri kumsana, amakumana pakati ndiye m'mapewa simuonekanso kanthu. Amayi anzanga, kanthu kameneka ndi kotchipa kuposa tonse tomwe ndagula koma ndi komwe kandithandiza kwambiri. Ndinavina tsiku lonse pa perekaniperekani osakwezapo lamba olo kamodzi, sikachita dzimbiri poti ndi pulasitiki, ndipo ndikugwiritsabe ntchito mpaka pano. Vuto lake ndi loti kuvala wekha kumsana n'kovuta, bola ukalowetse kaye usanavale kapena wina akuthandize, komanso uyambe watalikitsa malamba pang'ono apo ayi madzulo mapewa amawawa.

Tinato tinali tokongoletsa, tiwiri, tokhala ndi timiyala toyera tonyezimira, topana pa lamba wa diresi paphewa kuti anthu azitiona. Kukongola kokha ndiye tinakongola, pa zithunzi timaoneka bwino zedi. Koma chopanira chake chili ndi timano ngati ta ng'ona, nde pa diresi ya nsalu yoterera ija timanoto tinakoka ulusi, pochotsa madzulo ndinapeza timabowo ndi ulusi utatuluka paphewa lakumanja, diresi yoti ndavala kamodzi kokha. Ndinadandaula kwambiri. Kuonjezera apo kunali kotentha, October, thukuta lili kamukamu, m'mawa mwake paphewa pomwe kachitsulo kamakhudza khungu panatuluka totupa toyabwa tofiira. Msuweni wanga yemwe ndi namwino atapaona anati ndi nickel, chitsulo chomwe amakonda kusakaniza mu ndolo ndi matcheni otchipa, anthu ambiri khungu lawo siligwirizana nacho makamaka kukakhala thukuta, ndipo ngati ndolo zotchipa zimakutupitsani makutu dziwani kuti izinso zikuchitani chimodzimodzi. Anandiuza kuti ndipake cutex woyera kumbuyo kwake kuti chitsulo chisamakhudze khungu, ndinayesa ndipo zinathandiza ndithu, kungoti amasupuka nde umafunika kumapakanso. Pano ndimativala pa zovala za chitenje zokha, nsalu ya chitenje ndi yolimba timano sitiiononga. Nditamuuza mtsikana uja anapepesa ndipo ndinaona kuti pa status yake anayamba kulembapo kuti osapana pa nsalu yofewa, zimenezo zinandisangalatsa.

Tsopano tomwe ndikufuna kukamba kwambiri. Pali mayi wina telala amene amasokera pakhonde chakufupi ndi msika, makina ake ndi opalasa ndi miyendo aja, magetsi azime asazime iwo ntchito ili m'kati. Ndinapita kukapinditsa siketi ndiye ndinaona pa msomali pakhoma apachika timaluwa ta chitenje, timipira tofutira thonje m'kati, tina tangati ngayaye za chimanga tokhala ndi mikanda kumutu. Ndinafunsa kuti amayi izi n'zogulitsa? Akuti eya mwanangu, ndi tizidutswa totsala anthu akasoketsa, kale ndinkangosesa n'kukataya. Chomwe chinandigwira mtima ndi choti zopanira amazisunga padera m'kachitini, ukasankha duwa lako amakufunsa kuti mukufuna chopanira chiti, ndipo amakuuza chilungamo kuti ichi n'chotchipa koma mvula sichigwirizana nayo, ichi n'chodulirapo koma mudzatopa nacho nokha. Palibe wina aliyense anandiuzapo zimenezi pogula.

Ndinakhala pa benchi kuonerera akupanga kanga. Anadula timabwalo tisanu pa kansalu ka buluu ndi chikasu, kalikonse kupinda kanayi, kusoka pamanja ndi ulusi wophatikiza kawiri, kukoka mpaka tinakumana ngati duwa, pakati n'kuika batani lakale lokutidwa ndi nsalu yomweyo. Mikanda anaitunga pa twaini wa asodzi, akuti ulusi wamba ukanyowa umafumbwa koma uyu ndi amene amagwira ntchito ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa, sangaduke ndi chikwama. Mfundo yomaliza anaiwaula pang'ono ndi machesi kuti isamasuke. Polumikiza ndi chopanira sanagwiritse ntchito kamkombero kawaya kaja ayi, anasoka kalamba ka nsalu kopinda katatu n'kudutsitsa pa makina kupita ndi kubwerera. Ndinalipira K3,000 ndi chopanira chabwinocho, kutsika kuposa kagulugufe kanataika kaja.

Duwa limeneli ladutsa chiperoni cha June ndi July, fumbi la September, ndipo mvula yalinyowetsapo kangapo, lilipobe. Likada ndimalichotsa, kulichapa ndi sopo pamanja, kuyanika pa dzuwa, basi. Koma ndisakunamizeni kuti palibe vuto. Kachiwiri komwe ndinagulira mwana wanga kanali ka chitenje chotchipa, katanyowa kanasuluka n'kusiya kufiira pa shati yake yoyera ya yunifolomu, nde muzifunsa kaye ngati nsaluyo inachapidwapo kapena mubweretse yanu yomwe mukuidziwa. Ta thonje m'kati timachedwa kuuma, nthawi ya chiperoni kamodzi kanatha masiku atatu kali konyowa mpaka kuyamba kafungo. Komanso mayiwa ntchito imawachulukira, makamaka ikayandikira graduation ku Great Hall kapena nyengo ya maukwati, anandiuza masiku atatu koma ndinadikira sabata yathunthu.

Kwa mwana kanathandiza mbali ina yomwe sindinaiganizire. M'kalasi mwawo zikwama zakuda zofanana ndi zambirimbiri, kawiri konse anabwera kunyumba ndi cha mnzake, chikolekereni kampira kofiirako sizinachitikenso.

Kachinayi ndinakagula kwa anyamata ogulitsa miyala mumsewu wokwera ku Ku Chawe, komwe amagulitsanso ma strawberry kuja. Kamwala koyera koonekera m'kati, atakakulunga ndi waya wa kopa. N'kokongola ndipo ndi ka phiri lathu lomweli, koma pachikwama sikoyenera, n'kolemera, kamamenya chikopa ukamayenda ndipo nsonga yake inakanda pambali. Kanapita ku makiyi a kunyumba, kumeneko kakukhala bwino.

Pali zinanso zomwe ndaphunzira ndi kuyenda nato. Tokoleka totalika pa kabaza ndi toopsa, ngayaye za mnzanga wina zinakodwa mu masipoko chikwama chili pambali, mwamwayi chinaduka ndi chidolecho osati iyeyo kugwa, nde mukakwera njinga chikwama chizikhala pamiyendo kapena musankhe tatifupi. Pa depoti ndi mumsika mothithikana, chidole cholendewera pa zipi chimapangitsa kuti wina akoke mosavuta inu osamva. Ine ndinatembenuza nkhaniyo, chikwama changa chili ndi mazipi awiri okumana, ndimalowetsa chopanira chimodzi m'timabowo ta onse awiri, kuti munthu atsegule ayambe walimbana ndi chopaniracho. Ndipo amene muli ndi ana osakwana zaka zitatu chonde ta mikanda ndi timiyala tomata ndi guluu musatiike pa chikwama cha matewera, mwana chilichonse amaponya m'kamwa, kamkanda kamodzi kakhoza kumutsamwitsa, bola duwa la nsalu yokhayokha losokedwa bwino.

Loweruka likubwerali ndikubwereranso kwa mayi aja. Ndili ndi chitenje cha malemu mayi anga chomwe chinang'ambika pakati moti sichivalika, chakhala mu sutikesi zaka zinayi ine osadziwa chochita nacho, kutaya sindingathe. Nditawafotokozera anati bweretsani mwanangu, m'mphepete mukadali molimba titulutsamo maluwa atatu, lanu ndi a achemwali anu awiri. Ndachichapa kale kawiri, sichikusuluka, ndipo zopanira zitatu ndagula ndekha, zonse ndaziyesa pa maginito a alamu anga.