Nyenyezi 4 mwa 5: I. Asimov: A Memoir, buku loonetsa mmene munthu mmodzi anafikitsira mabuku 500

Ngati cholinga chanu n'kudziwa mmene Isaac Asimov, wolemba nthano za sayansi wa ku America, ankagwirira ntchito, gulani bukuli, lomwe ndi mbiri ya moyo wake yolemba yekha. Linatuluka mu 1994, patadutsa zaka ziwiri mwiniwake atamwalira, ndipo mu 1995 linapata mphoto ya Hugo, imene imaperekedwa pa zolemba zokhudza nthano za sayansi. Muli mitu 166 ifupiifupi, uliwonse ndi nkhani yakeyake: sitolo ya maswiti ya bambo ake ku Brooklyn, John W. Campbell amene anali mkonzi wa magazini ya Astounding, mantha ake okwera ndege, ndi zina zotero.

Phata la bukuli ndi pamene akufotokoza kalembedwe kake. Ankakhala pa makina otayipira tsiku ndi tsiku, Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Sankalemba buku limodzi pa nthawi imodzi. Nthano ikamukanika sankakakamira, ankaisiya n'kutenga nkhani ya sayansi kapena ya mbiri yakale, ndipo pobwerera ankapeza mfundo ija itamasuka. Akamaliza kulemba ankakonza kamodzi kokha n'kutumiza. Zimenezi zinkatheka chifukwa anasankha dala mawu osavuta ndi ziganizo zolunjika, zosafuna kusemasema. Nthawi yochuluka anaipeza mu 1958, atasiya kuphunzitsa ku Boston University chifukwa chosemphana ndi akuluakulu a sukuluyo. Wolemba aliyense amene amayamba ntchito osaimaliza apindula kwambiri ndi mitu imeneyi.

Musadumphe mndandanda wa mabuku umene uli kumapeto. Ndi umene ukuonetsa kuti nambala ya 500 ija inakwana bwanji: muli timabuku ta ana ta masamba ochepa, komanso mabuku ambiri osonkhanitsa nthano za anthu ena, amene anakonza mothandizana ndi Martin H. Greenberg. Ntchito inalipo yaikulu ndithu, koma nthano zakezake ndi gawo lochepa chabe.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Mitu sikutsatana bwinobwino ndi zaka, choncho wofuna kudziwa chimene chinachitika choyamba asokonezeka. Analilemba mu 1990 akudwala, ndipo nkhani zina zikubwerezedwa. Kwa ofuna masiku ndi ndalama zimene ankalandira pa nthano iliyonse, mabuku awiri oyamba a mbiri ya moyo wake, In Memory Yet Green la mu 1979 ndi In Joy Still Felt la mu 1980, ndi amene ali ndi tsatanetsatane, popeza anatsamira pa dayale imene anayamba kulemba mu 1938.

Chachikulu n'chakuti bukuli silikutchula chimene chinamupha. Pa opaleshoni ya mtima mu December 1983 anapatsidwa magazi okhala ndi kachilombo ka HIV, ndipo banja lake linaulula zimenezi mu 2002. Mitu yomaliza imamveka mosiyana kwambiri mukaiwerenga mukudziwa zimenezi. Khalidwe lake logwiragwira akazi pamisonkhano nalo silikuoneka kukula kwake m'bukuli, pamene amayi ambiri linkawapweteka. Mbali imeneyo muifufuze kwa olemba ena.

Za kapangidwe: masamba ndi opitirira 500, ndipo la chikuto chofewa lili ndi zilembo zing'onozing'ono. Masamba ake ndi omata ndi guluu, ndiye mukalitambasula mwamphamvu msana umasweka n'kuyamba kuthothoka. Ngati mudzalitsegula kawirikawiri pofufuza zinthu, sankhani la chikuto cholimba.