Nyenyezi zinayi kwa akhalapakati a ngongole za nyumba, yachisanu ndawamana dala

Ine ndi akazi anga tagula nyumba m'dera lina la m'mphepete mwa mzinda, ndipo ngongole yake tinaipeza kudzera ku kampani ya akhalapakati. Ntchito ya anthu amenewa ndi kukuyenderani m'mabanki, kufunsa chiwongoladzanja chimene banki iliyonse ingakupatseni, n'kukuthandizani kukonza mapepala. Ife sitinawalipire kalikonse, chifukwa iwo amalandira komishoni ku banki imene yakukongozaniyo. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwererako.

Chimene ndinawakondera mayi amene anatilandira n'chakuti sanafune kuyamba ndi mtengo wa nyumba. Anatifunsa kaye ndalama zimene tingathe kumapereka mwezi ndi mwezi popanda kusokoneza zina zapakhomo, kenako anatembenuza kompyuta yawo kuti tione tokha masamu. Tiyerekeze mwakongola 100,000, kaya ndi ndalama ya dziko liti, yobweza pa zaka 30. Chiwongoladzanja chikakhala 3 peresenti, mumapereka pafupifupi 422 pamwezi. Chikakhala 7 peresenti, mumapereka 665. Nyumba ndi yomweyo, zipinda ndi zomwezo. Anationetsanso kuti munthu wotha kupereka 665 pamwezi akanakongola pafupifupi 158,000 pa 3 peresenti, koma pa 7 peresenti angokongola 100,000 basi. Apa ndinaona kuti ukamagula nyumba pangongole, mtengo umene wogulitsa watchula ndi mbali imodzi chabe ya nkhani, mbali inayo ili m'manja mwa banki.

Ndinawafunsa funso limene aliyense amafunsa: popeza chiwongoladzanja chakwera, bwanji osadikira kuti mitengo ya nyumba igwe? Sanandilonjeze chilichonse, ndipo ndinawalemekeza pa chimenecho. Anangofotokoza zimene zinachitika ku America. Kumeneko chiwongoladzanja cha ngongole ya zaka 30 chinatsika kufika pa 2.65 peresenti mu January 2021, malinga ndi kawerengedwe ka Freddie Mac, bungwe loona za ngongole za nyumba m'dzikolo. Inali nthawi ya Covid-19, anthu ambiri akugwirira ntchito kunyumba, ndipo ankathawa tinyumba topanikizana ta pakati pa mzinda kukafuna bwalo ndi chipinda choonjezera kunja kwake. Ngongole yotchipa itakumana ndi ogula ochuluka, mitengo ya m'madera amenewo inathamanga. Kenako banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, inayamba kukweza chiwongoladzanja mu March 2022 pofuna kuchepetsa kukwera mitengo kwa zinthu, ndipo pofika October 2023 ngongole yomwe ija inali pa 7.79 peresenti. Mwina mungaganize kuti mitengo ya nyumba inagwa kotheratu, koma ayi. Amene anakongola pa 3 peresenti anakakamira nyumba zawo, poti kugulitsa kukanatanthauza kukakongola ina pa 7. Nyumba zogulitsa zinasowa, moti mu 2023 chiwerengero cha nyumba zakale zimene zinagulidwa chinali chotsika kuposa chaka chilichonse kuyambira 1995, koma mitengo inakhalabe pamwamba. Mayiwo anati chofunika kuyang'ana ndi kuchuluka kwa nyumba zimene zikugulitsidwa m'dera limene ukufunalo komanso nthawi imene zikukhala zisanagulidwe. M'dera lathulo nyumba yabwino sinkachedwa, ndiye tinaleka zodikira.

Pa nkhani yosankha pakati pa chiwongoladzanja chosasintha ndi chosinthasintha anatithandizanso kwambiri. Chosinthasinthacho chinkaoneka chotsikirapo poyamba, ndipo kunena zoona chinkandikopa. Iwo anangoonjezera 2 peresenti pa masamu aja kuti tione ngati tingapirire: pa 9 peresenti, 100,000 ija imafuna pafupifupi 805 pamwezi. Akazi anga atangoona nambalayo anapukusa mutu, nkhani n'kuthera pomwepo. Tinatenga chosasintha kwa zaka 5 zoyambirira. Anatichenjeza kuti zakazo zikatha tidzakumana ndi chiwongoladzanja cha nthawi imeneyo, monga zinachitikira anthu ambiri ku Britain, kumene ngongole zambiri zimakhala zosasintha kwa zaka 2 kapena 5 zokha. Banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, itakweza chiwongoladzanja kuchoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 kufika pa 5.25 mu August 2023, amene nthawi yawo inatha anapeza malipiro apamwezi atalumpha.

Chinthu china chimene sindinkachiganizira ndi momwe ndalama ya pamwezi imagawikira. Pa 665 ya mwezi woyamba, 583 imapita ku chiwongoladzanja, 82 yokha ndiyo imachepetsa ngongole. Pa zaka zonse 30 mumapereka chiwongoladzanja choposa 139,000, ndiye kuti chochuluka kuposa ndalama imene munakongola. Mukafupikitsa kukhala zaka 20, pamwezi pamakwera kufika 775 koma chiwongoladzanja chonse chimatsika kufika cha m'ma 86,000. Ife tinatenga nthawi yaitali kuti tizipuma bwino, koma mayiwo anaonetsetsa kuti banki yake ndi yolola kuonjezerapo ndalama pakapezeka kangachepe popanda kutilipitsa chindapusa. Ndime imeneyi inali mkati mwenimweni mwa chikalata, m'timalemba ting'onoting'ono, ndipo mabanki ena anali ndi chindapusa chachikulu ndithu.

Panalinso tsiku limene mitima inali m'mwamba. Katswiri amene banki inatuma kukaona nyumbayo anaiwerengera mtengo wotsikirapo kuposa umene tinagwirizana ndi mwini wake. Banki imakongoza potengera mtengo wa katswiri wake, poti nyumbayo ndiye chikole, choncho kusiyanako kunkafunika kuchoka m'thumba mwathu pamwamba pa dipoziti. Mayiwo anatilangiza kuti titenge lipotilo tikamuonetse wogulitsa. Anavuta pang'ono koma anatsitsa, podziwa kuti wogula wina aliyense wodalira banki akakumana ndi lipoti lofanana.

Tsopano za nyenyezi ndawamana ija. Kampaniyi imangoyenda m'mabanki amene ili nawo pa mgwirizano, ndipo izi sanatiuze mpaka nditafunsa ndekha. Za komishoni nazonso anayankha bwinobwino nditafunsa, koma akanayenera kuyamba okha kunena, chifukwa munthu amene malipiro ake amachokera ku banki sangakhale wopanda mbali kotheratu, ngakhale akhale wachilungamo chotani. Nditafufuza pandekha ndinapeza banki ina yosakhala pa mndandanda wawo, imene chiwongoladzanja chake chinali chofanana koma ndalama yotsegulira ngongole inali yocheperapo. Tinakhalabe ndi ya iwo chifukwa cha ufulu uja woonjezerapo ndalama popanda chindapusa, koma ndikanakonda kuona zonse patebulo kuyambira pachiyambi.

Chachiwiri ndi kuchedwa. Banki ikakutchulirani chiwongoladzanja, lonjezolo limakhala ndi tsiku lothera. Mapepala athu atachoka m'manja mwa mayiwo n'kupita kwa wantchito wina wa muofesi yawo, zinthu zinayamba kuyenda mwa kamba. Foni yosayankhidwa, kalata ya kuntchito kutifunsa kawiri, tsiku lija likuyandikira. Ndinachita kuwadandaulira mayiwo kuti alowererepo, ndipo tinasaina kutatsala pang'ono kuti lonjezolo lithe. Mndandanda wa ndalama zina, za loya, za katswiri woona nyumba, inshuwalansi ndi msonkho wosinthira umwini, unabweranso mochedwa, pamene tinali titapanga kale bajeti. Ndalama zimenezi si zochepa ndipo zambiri zimafunika nthawi imodzi.

Za mayendedwe sanatchule n'komwe, ndipo mwina si ntchito yawo, koma wogula m'mphepete mwa mzinda aziwerengere yekha. Nyumba ya kumeneko imatsika mtengo chifukwa cha mtunda, ndipo mtundawo umaulipira tsiku lililonse popita kuntchito.

Kwa amene mukugula koyamba, akhalapakati awa ndingakutumizeniko mosakayika, makamaka ngati masamu a ngongole amakuzunguzani mutu. Mukapita, pemphani tsiku loyamba lomwelo kuti akulembereni mayina a mabanki amene amagwira nawo ntchito, komishoni imene amalandira ku iliyonse, ndalama zonse zofunika patsiku losaina, ndi tsiku limene lonjezo la banki lithere. Atiuza kuti adzatiimbira zaka 5 zija zikamadzatha kuti tidzaonenso mabanki ena. Tsikulo ndalilemba ndekha pa kalendala, poti ofesi yawo ndaiona kale momwe imachitira ndi mafoni.