Kagalasi ka Raynox DCR-250 ndakayesa pa maluwa a ku Postberg

Ine ndimagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Cape Town nde maluwa ndimakhala nawo tsiku lililonse, koma kuwajambula pafupi mpaka mungu uoneke zinkandikanika. Ndinayamba ndi tija timagalasi totsina pa foni ndinagula pa shopu ina m'tauni, eish ndalama yotaya, pakati pokha ndi pomwe pankaoneka, m'mbali monse mbuu ngati wapaka mafuta pa kamera.

Nde chaka chino ndinagula Raynox DCR-250. Si lenzi yoti mumange pa kamera payokha ayi, ndi kagalasi kakang'ono kopangidwa ku Japan kamene mumakatsina kutsogolo kwa lenzi yanu yomwe muli nayo kale, kachotsinira kake kamagwira pa lenzi iliyonse ya pakamwa pa 52mm mpaka 67mm. Kamera yanga ndi Canon 600D yakalekale ndi lenzi ya 55-250mm, pakamwa pake 58mm, kanangolowa bwinobwino. Mphamvu yake ndi +8 dioptre, kutanthauza kuti duwa liyenera kukhala pafupifupi masentimita 12 kuchoka pagalasi, mukatalikira pang'ono simuona kanthu.

Ndinakakayesa ku Postberg, mbali ija ya West Coast National Park kufupi ndi Langebaan yomwe amaitsegula Ogasiti ndi Sepitembala basi chifukwa cha maluwa. Tinalawira kwambiri poganiza kuti tipeze mame, kkkk kufika kuja maluwa onse ali chitsekere. Ma daisy amenewa amadikira dzuwa litenthe, cha m'ma 10 kapena 11 ndi pomwe amatsegula ndipo kukakhala mitambo satsegula n'komwe, komanso amayang'ana kumene kuli dzuwa nde muyenera kuima dzuwa lili kumsana kwanu. Atatsegula amwene, dambo lonse loyera ndi la olenji mpaka kunyanja, anthu onse kujambula dambo lonselo ine ndili chigonere chafufumimba pa duwa limodzi, mayi wina mpaka anandifunsa ngati ndakomoka.

Zomwe kagalasi aka kanandionetsa sindinaziyembekezere. Duwa la gazania ndakhala ndikulidzala zaka zambiri pantchito koma sindinkadziwa kuti timadontho takuda tija ta m'katimo tili ndi kadiso koyera pakati. M'duwa lina ndinapeza tizilombo tija amati monkey beetle titazika mutu m'kati miyendo yam'mbuyo ili m'mwamba, thupi lonse lili mbee ndi mungu ngati mwana wochokera kuchigayo, ubweya wake kuwerengeka umodziumodzi pa chithunzi. Pamenepo ndi pomwe ndinati ndalama yanga sinapite pachabe.

Koma musanamizidwe kuti mukagula basi zatheka. Mukayandikira chonchi malo amene amaoneka bwino amachepa kwambiri, mwina mamilimita angapo, maso a njuchi akaoneka mapiko ali mbuu. Autofocus ingozimitsani, ine ndimaika pa manual nkumadzisuntha ndekha kutsogolo kumbuyo pang'onopang'ono nditagwira mpweya, aperture, kabowo kolowera kuwala mu lenzi, ndimakachepetsa mpaka f/16 kuti malo ooneka bwino achulukeko, ndiye kuwala kumachepa mpaka kuyatsa flash masanasana, ndinakutira ka flash ndi pepala loyera kuti kasawalitse kwambiri. Nanga mphepo ya kunyanja kuja, duwa silikhazikika olo sekondi imodzi, mnzanga anachita kuima mbali ya mphepo atatambasula jekete. Pa zithunzi zodutsa 300 zomwe ndinajambula tsiku limenelo zosunga zinali 14.

Chinanso, musayambe ndi zumu yonse. Pa 250mm mumaona kachidutswa ka duwa basi ndipo dzanja likangonjenjemera zonse zathawa, ine ndinapeza kuti cha pa 100mm ndi pomwe pali bho poyambira. Mukatsitsa zumu kwambiri m'makona mumabwera mdima, nde pakatikati pomwepo.

Kwa amene ali ndi lenzi ya zumu kale ndipo ndalama ya lenzi yeniyeni ya macro, yojambulira tinthu ting'onoting'ono pafupi, palibe, kagalasi aka gulani, kamalowa m'thumba la malaya. Amene mukufuna duwa lathunthu ngati protea pa chithunzi chimodzi aka si kanu, kamakuza mopitirira, funani DCR-150 yomwe mphamvu yake ndi yocheperako. Ndipo tengani katawulo kogwadira, ine thalauza langa la tsiku limenelo mpaka pano m'mawondo simunayere.