Loja (stoo) ya mankhwala otsukira ku Matundo: anandipulumutsa koma zivindikiro zawo ayi

Ine ndimaweta nkhuku ku Ulongwe ndiye miyezi iwiri iliyonse ndimatsikira ku Tete kukagula klorini wotsukira makola ndi matanki, osati Certeza timathira mmadzi akumwa uja ayi, uyu ndi wa mmabidau (zigubu) a malita 25 wamphamvu ya 12 peresenti, pachikalata pake pali UN 1791 ndi kachithunzi kadzanja likudyeka. Loja yake sindiitchula dzina, ili mbali ya Matundo musanawoloke mlatho wa Samora Machel.

Ulendo wathawu kunali Okutobala, odziwa Tete akudziwa dzuwa lake, ndiye mnyamata wanga akukweza bidau yachitatu mgalimoto inamupulumuka nkugwa chammbali chivindikiro phuu, mankhwala mbwee pakhonde ponse kulowera kungalande, fungo lake maso kuyabwa pompo. Ine mutu unaima. Mnyamatayo anathamangira thumba la utuchi linali mgalimoto lomwe ndinagulira anapiye kuti amwaze pamenepo.

Apa mpomwe ndawapatsira ulemu. Bambo wina wachikulire wapastoo anakuwa kuti "Iwe siya utuchiwo!" nkutikankhira tonse mbali yomwe kumachokera mphepo, anatuluka atavala magolovesi a labala ofika mchigongono, majombo ndi magalasi otseka mmbali momwe, mnzake akubwera ndi wilibala ya mchenga wouma. Sanayambe nkuthira pakati ayi, anayamba kaye kumanga kamzere ka mchenga kukamwa kwa ngalande kenako kuzungulira chithaphwi chonse ndiye nkumadzakwirira mkati. Anati ngalandezi mathero ake ndi Zambezi ndipo klorini amapha nsomba, mukufuna pende tizikadya kuti? Ndinaseka ngakhale mtima unali mmwamba.

Atamaliza anandifotokozera bwinobwino kuti bwana mankhwala awa sagwirizana ndi utuchi, nsanza, makatoni kapena mafuta, amatenthetsa zinthuzo, ndipo klorini wa ufa uja HTH ndiye amachita kuyatsa moto weniweni. Chomwe anaopa kwambiri ndi mabotolo a asidi wotsukira mchimbudzi omwe anali pafupi ndi khomo, anawachotsa msangamsanga chifukwa zikakumana ziwirizi pamatuluka mpweya wa klorini womwe umawotcha mapapo. Mchenga wonyowawo anawola ndi fosholo ya pulasitiki kuthira mndowa ya pulasitiki, yachitsulo akuti imadyeka, ndipo sanaitseke kwambiri kuti mpweya uzituluka. Pomaliza mpamene anatsuka simenti ndi madzi ambiri.

Mnyamata wanga anadonthedwa pamwendo ndi mdiso limodzi. Anamuvula thalauza pomwepo wopanda za manyazi nkumuthira madzi mdiso mphindi 15 zathunthu bamboyo akuyang'ana wotchi, mnyamatayo akuti zatha zatha koma sanamusiye, kenako anatiuza tipite kuchipatala ndi chikalata cha pabidau kuti adokotala aone chomwe chamulowa. Diso lili bwino pano, thalauza ndiye inasanduka ya mawangamawanga nkubooka.

Tsono zondinyansa. Mpope wamadzi uli kuseri kwenikweni, madzi otsukira diso amachita kuthamanga nawo mzigubu, malo ogulitsa zinthu zoterezi mpope umayenera kukhala pakhomo. Chachiwiri mabidau amawasanjika panja padzuwa, chonsecho klorini akatenthedwa amatha mphamvu komanso amafufumitsa chigubu, ine ndikuganiza nchifukwa chake chivindikiro chinangothawa chosalimbalimba, ndipo imodzi mwa zomwe ndinatenga inafika ku Ulongwe ikudontha pakamwa. Pepala la malangizo anandipatsa lili mchipwitikizi ndi chingerezi tizilembo tating'onoting'ono, anyamata anga akukhola awerenga bwanji? Ndachita kuwalembera ndekha pakatoni mchichewa nkukhoma pachitseko.

Bidau yotayikayo anandisinthira ina osalipiritsa ngakhale wogwetsa anali wanga, izi sindimayembekeza. Mitengo yawo ndiyokwererapo kusiyana ndi ya anyamata amathira mmabotolo a madzi kumsika wa Kwachena koma kumeneko sudziwa chomwe wagula. Ndidzapitanso, koma ndizikasankha ndekha bidau ya mkati mwa stoo ndikuyesa chivindikiro ndisanalipire, magolovesi ndi magalasi aja ndagulakonso awiriawiri, ndipo utuchi pano ukumakwera ulendo wakewake.